Tsiku limene ndinagwira dzanja la apongozi

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi koma dzina langa likhale lobisika. Ndine mayi wa ku Mlangeni, ndipo ndimakonda kudzipangira sopo wochapira. Ndimasungunula kositiki m'madzi n'kudikira kuti azizire ndisanathiremo mafuta. Madziwo amaoneka ngati a pamjigo, koma amawotcha khungu.

Tsiku lina m'mawa ndinasiya beseni la madzi amenewa pakhonde n'kukatenga mafuta m'nyumba. Potuluka ndinapeza apongozi anga aamuna, ochokera kokumba mbatatesi, atawerama pabesenipo kuti asukusule. Maso awo ndi ofooka kale chibwerere ku migodi ya ku Joni.

Kwathu kuno mpongozi sumukuwira, sumukhudza. Umagwada chapatali n'kuyankhula motsitsa mawu. Ndipo mawondo anga anayambadi kupinda. Nditaona zala zawo zikutsikira m'madzimo, ndinalumpha n'kuwagwira dzanja, beseni n'kugubuduka.

"Mwayamba liti kundigwira, inu?" anandifunsa.

Madziwo anali atanditayikira paphazi, ndiye ndinkangodzitsanulira madzi abwino a mumtsuko. Iwo ataona khungu langa likusupuka, anakhala pansi n'kugwira nkhope yawo.

Amayi anzanga opanga sopo, beseni limenelo musalisiye poyera ngakhale kamphindi. Ine chipsera ndili nacho, koma sichindidandaulitsa. Chimene chimandiopsa mpaka lero ndi mawondo aja. Ndikanamaliza kugwadako mwaulemu, bwenzi lero apongozi anga akuchita kutsogoleredwa ndi ndodo.