Impso Yochokera Kuchimuna

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Mwadzama. Ine ndine uja munkandiona nditatupa miyendo pa benchi lakumbuyo m'tchalitchi, ena n'kumati usipa wandiyanja. Sikunali kunenepa kuja. Impso zanga zonse ziwiri zinali zitasiya kugwira ntchito.

Sukulu ndinalekera panjira, koma kuwerenga ndiye nthenda yanga yakale, moti ngakhale pepala lokulungira zitumbuwa sindilitaya ndisanaliwerenge. Choncho adokotala ku Lilongwe atanena kuti ndikufunika impso ina, ndinagwedeza mutu ngati mnzawo wapantchito. Ndinkayesa kuti impso ili ngati pulagi ya injini ya boti, kungochotsa yakufa n'kumanga ina. Anandiuza kuti thupi limakana impso yachilendo ngati magazi ndi minofu sizikugwirizana, komanso kuti opaleshoniyo imachitikira kunja, ndipo amapita ndi amene wapeza m'bale womupatsa.

Abale, ndinatopa. Makina otsuka magazi ali kumzinda, ife tili kunyanja. Ndinkagona pakhonde kwa mlamu wanga ku Lilongwe, uku mbalame zikukolola mpunga wanga kumudzi. Odwala anzanga a m'tauni ankabweretsa abale awo kudzayezetsa m'mawa, masana abwerera kuntchito. Ine kuti m'bale mmodzi afike, zinali ngati kusamutsa mudzi. Kodi impso ya munthu wakunyanja imadikira bwino kuposa ya wa m'tauni?

Malume anasonkhanitsa mbumba yonse monga mwa mwambo wathu. Wina anati ali ndi shuga, wina anati amuna ake akana, wina anafunsa ngati sadzaikidwa m'manda woperewera. Mlongo wanga ndi mng'ono wanga anayezetsa, koma sizinagwirizane. Malume anangoti, “Abale atha, mphwanga.” Pemphero langa la masiku amenewo silinali laulemu. Ndinkati, “Ambuye, mbumba yonseyi munandipatsiranji, yongodzadya pamaliro anga?”

Yankho linalowa m'chipatala litavala kofiya. Bambo anga atasiyana ndi mayi, anakakwatira m'banja lachisilamu kuboma la Nkhotakota, n'kubereka mwana dzina lake Yusufu. Kwathu ana akuchimuna sitiwawerenga pa mbumba, ndiye ine ndi iye tinkangopatsana moni pamaliro. Ngakhale ine wowerenga mapepala a zitumbuwa sindinamuganizire. Iye amapalasa kabaza, ndipo za matenda anga anazimva kwa munthu amene anamukweza.

Anaima pafupi ndi bedi langa n'kuti, “Achimwene, mwayeza mudzi wonse, ine mwandisiya bwanji? Kapena magazi a bambo aja munawabweza?”

Atamuyeza, zinagwirizana. Kudikira kuti atitumize kunja kunanditopetsanso, koma tsiku linafika, tinapita ku India, ndipo tinabwerako tonse awiri tikuyenda tokha. Malume atapita kukathokoza, anasowa pomuika Yusufu, mpaka anangomutchula kuti mphwanga.

Ndikuyamika Mulungu amene sawerenga ubale monga timawerengera ife. Inu amene mukudikirabe pamakina aja, musafooke, ndipo pofunafuna wokuthandizani muyang'ane kuchikazi ndi kuchimuna komwe. Akuluakulu ogawa mwayi wopita kunja, kumbukirani kuti kunyanja nakonso kuli odwala.

Lero impso imodzi ya Yusufu imapita kumzikiti Lachisanu, inayo imalowa m'tchalitchi Lamulungu, ndipo sindinamvepo zikukangana.