Pa Masitepe a Khoti

Tsiku losankha bwanamkubwa wa dera la Kentucky ku Amereka ndinali pamzere wa kuchigayo, khanda lili m'manja. Patsogolo panga panali mkazi wa wosula zitsulo ndi mayi wina, kapolo, atasenza chimanga cha mbuye wake.

"Amuna anga sanagone," anatero mkazi wa wosula. "Voti kuno amachita kutchula mokweza pa masitepe a khoti, aliyense akumva. Akatchula wofuna kumasula akapolo uja, eni minda sadzabweretsanso mahatchi awo kudzawakhomera zitsulo kumapazi. Tidya chiyani?"

"Ndiye atchula ndani, dona?" anafunsa kapolo uja.

"Wa eni minda, nanga atani? Koma masitepe amenewo akuwaopa zedi."

"Ndikuwadziwa masitepewo. Amuna anganso akwera pomwepo Lolemba."

"Kukatani, poti akapolo savota?"

"Akukawagulitsa, dona. Sunthani, mzere wayenda."