Chibangiri cha Mayi Ghoshal

A mkulu wa sukulu Bambo Sanyal, akuluakulu a komiti, aphunzitsi anzanga, a banja la a Ghoshal, ndi inu ana amene mukusuzumira pawindo, ndakuonani: moni nonse.

Ine ndine Tuhina. Andipempha kuti ndinene zabwino za Mayi Kaberi Ghoshal, amene akupuma ntchito lero. Ndiyesetsa.

Mayi awa anafika pasukulu pano ndi maginito amene anazula muwailesi ya amuna awo. Amuna awowo, Bambo Nirmal, ankati wailesiyo inali isanafe. Sabata yoyamba, amayiwa anasanjika maginitowo pa kaseti ya nyimbo yathu ya m'mawa. Nyimbo ija inafufutika. Chiyambire tsiku limenelo timaimba ndi pakamwa. Amene mwatimvapo tikuimba, wolakwa ndi amayiwa.

Makolo nawo analira. Ana anatha mapini onse m'nyumba poyesera maginito. Mayi wina anabwera atagwira ndi manja awiri nsalu yake ya sari yopanda pini, nati, "Aphunzitsi, sayansi yanuyi itivula!" Mayi Ghoshal anangoyankha kuti, "Khalani pansi, amayi, simunaone kanthu."

Koma phunziro lawo lenileni mumalidziwa. Ankamangirira maginito pa ulusi, nkusendeza dzanja pang'onopang'ono. Padzanjapo panali chibangiri chachitsulo, chija apongozi amativeka tsiku la ukwati. Chisanakhudze n'komwe, maginito aja ankayamba kuchitsatira. Ndiye ankafunsa kalasi:

"Wawakankha ndani?"

"Palibe!"

"Nanga ayenda bwanji?"

Mwana wina anati ndi apongozi awo akukoka ali kumudzi. Anamupatsa theka la malikisi.

Bambo Nirmal atamwalira, chibangiri chija chinavulidwa, monga mwa mwambo. Chaka chimenecho phunziro litafika, ndinawaona ataima kutsogolo, ulusi uli m'manja, dzanja lilibe kanthu. Ana akudikira. Ine ndinali mlendo pantchito, nditangokwatiwa kumene, chibangiri changa chili padzanja. Anandikodola pakhomo: "Iwe Tuhina, tandibwereka dzanja lako." Sanapemphe. Mayi awa sapempha. Chiyambire ndakhala ndikubwereketsa dzanja ili chaka ndi chaka, ndipo zikomo wake ndikumudikirabe.

Tsopano mantha anga ndi awa. Maginito aja si a sukulu. Ndi kachidutswa ka wailesi ya amuna awo, ndipo palibe mwa ife akanalimba mtima kuwauza kuti awasiye. Mwezi wonse uno ndakhala ndikudzifunsa kuti ana a chaka chamawa ndidzawaonetsa chiyani. Chithunzi cha m'buku? Chithunzi sichikoka pini.

Lero m'mawa ndinatsegula kabati ya m'kalasi mwawo. Anasesa zonse, mpaka kapu ya tiyi imene inali yanga. Koma maginito aja ali pomwepo, ulusi wake wokulungidwa bwino. Ndipo pamwamba pake pamamatira chibangiri chachitsulo chakale, choperepeseka. Ndinachidziwa.

Akulu anga Mayi Ghoshal, musayang'ane kudenga, ndikunena inu. Mwatiphunzitsira ana kufunsa asanakhulupirire. Ine mwandiphunzitsa ntchito. Ndikuthokozani ndi mtima wonse, ndipo ndikusowani kale.

Pitani mukapume. Mukadye mpunga ndi nsomba mutakhala pansi, popanda belu. Adzukulu inu, bisani mawailesi.

Chibangiri chija sindidzachivala, si changa. Ndidzachigwira m'manja, ndipo ana akadzafunsa mwini wake, ndidzawauza dzina.

Tiyeni tiimirire tonse, tiwaombere m'manja Mayi Ghoshal!