Woyamba Kupulumutsidwa

Chiyambire digiri yake yachiwiri ya zothana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi, anthu a mumsewu ankangomutchula kuti Wangozi, ndipo tsiku limeneli ankayenera kutumiza ku yunivesite kanema woonetsa banja lake likuyeserera kuthawa moto. Mkazi wake, yemwe anali woyembekezera, anali ataima kale pageti ndi kamwana kawo, foni ili m'manja, kudikira kujambula munthu mmodzi amene anatsala m'nyumba.

Wangozi anakwera masitepe wezulo ili m'khosi, magalasi ake ali kumaso. Amayi ake anawapeza pamalo pawo pa masiku onse, pampando wa pawindo la chipinda cham'mwamba, pamene amaonera aliyense wodutsa mumsewu pamodzi ndi zimene wanyamula.

"Amayi, ndaimba wezulo."

"Ndamva."

"Ndiye mumayenera kutuluka."

"Moto uli kuti?"

"Kulibe. Tikungoyeserera."

"Ukabwera udzandiuze."

Anawafotokozeranso monga anachitira dzulo lake. Aphunzitsi anati kanema wosowa ngakhale munthu mmodzi wa m'nyumba salandira, ndipo wosatumiza lero abwereza chaka. Kunena zoona, Wangozi ankawaopa aphunzitsiwo. Koma amayi akenso ankawaopa, ndipo m'mabuku ake onse munalibe tsamba lonena woyenera kumuopa poyamba.

"Ndakuona pawindo," anatero amayi, maso ali kumsewu. "Mkazi wakoyo wamugwira mkono mpaka pageti."

"Ndi woyembekezera."

"Nanenso ndinakhalapo woyembekezera. Wa iweyo."

"Eya, koma panopa simuli."

Amayi anatembenuza mpando pang'ono.

"Tandiuza, mwanawe. Moto utabuka lero, woyamba kumutulutsa angakhale ndani?"

Munthu wina akanadziwa kuti funso lotere silifuna yankho la m'kalasi. Wangozi anasangalala, chifukwa linali funso limene anakhoza pamayeso.

"Mwana. Kenako mayi ake."

"Kenako ine."

"Ayi. Inu mumatuluka nokha. Muli m'gulu la anthu otha kudziyendera."

"Oo. Ndili m'gulu."

"Ndi gulu labwino, Amayi. Nanenso ndili momwemo."

Amayi anayang'ana miyendo yawo. Kenako, pang'onopang'ono, anayamba kusisita bondo lamanzere. Anati bondolo linasiya kugwira kalekale, kungoti samanena poopa kumusokoneza pasukulu. Wangozi anakumbukira kuti dzulo lomwelo anawaona akuthamangitsa galu wa aneba ndi tsache mpaka pakona. Koma m'kalasi anawaphunzitsa kuti munthu akanena kuti akuvutika, osamutsutsa. Anamva manyazi kuti wakhala nyumba imodzi ndi bondo lodwala osadziwa.

"Ndiye mwasintha gulu," anatero. "Ndizikugwirani mkono."

"Mkazi wakoyo asanatuluke?"

"Atatuluka. Iyeyo ndi anthu awiri."

"Maso nawonso," anatero amayi msangamsanga. "Ndimangoona mbuu."

"Nanga pawindo pano mumaonapo chiyani tsiku lonse?"

"Ndimangopitidwa mphepo." Anasuzumira kunja. "Taona telala uyo, wavalanso nsapato za mlamu wake."

Wangozi anasuzumira naye. Telalayo anali kutali kwambiri, ndipo iye nsapatozo sanazione. Anaganiza kuti mwina maso odwala amaona zina n'kusiya zina.

"Ndiye tichotsa kalapeti ya pakhomoyi, mungapunthwe nayo."

"Ndafika pati?"

"Mwafanana ndi mayi a mwana."

"Kufanana." Amayi analawa mawuwo ngati tiyi wozizira. "Makutu."

"Makutu atani?"

"Eee?"

"Ndati makutu atani?"

"Waona? Sindikumva."

"Koma mwati wezulo mwaimva."

"Ndaimva ndi mtima. Mtimawonso suli bwino. Umagunda, kenako umaima, umaganizaganiza."

Apa Wangozi anachita mantha enieni. Anawerenga pa zala: bondo, maso, makutu, mtima. Pabwalo mkazi wake anafuula kuti batire ya foni ikutha. Iye anayankha pawindo kuti adikire, kuno kwapezeka nkhani.

"Amayi, munthu wosayenda, wosaona, wosamva, wa mtima woima, ndiye woyamba. Mwana akhoza kunyamulidwa ndi mayi ake. Inu ndiyenera kuyamba ndi inu."

"Tanenanso."

"Ndinu woyamba."

Ulendo uno amayi anamva bwinobwino. Anakonza mpango kumutu, n'kunena kuti ankadziwa kuti sukuluyo siinamuwonongeretu. Anafunsa ngati mawuwo angawanenenso pageti, mkazi wake akumva. Wangozi anavomera kuti akanena, n'kupita pabedi kukayamba kupinda bulangete.

"Ukutani?"

"Ndikusamutsani."

"Kupita kuti?"

"Pansi. Munthu wotere sagona m'mwamba, Amayi. Amagona pafupi ndi khomo."

Pafupi ndi khomo panali chipinda chimodzi chokha, kachipinda kosungiramo njinga, zitini za penti ndi fani yakufa. Kawindo kake kanali kakang'ono ngati thileyi, ndipo kanayang'ana khoma la aneba. Khomalo palibe tsiku linavalapo nsapato za mlamu wake.

"Ine m'kachipinda ka njinga?"

"Njingayo titulutsa."

"Nanga windo langa?"

"Mphepo imalowanso kumeneko."

Anapitiriza kulongosola uku akuvula pilo. Kumsika sadzapitanso okha. Shuga mu tiyi aima kaye mpaka adokotala aone mtimawo. Ndipo popeza wezulo saimva, pafunika munthu wogona nawo chipinda chimodzi woti aziwagwedeza. Anati awaimbira foni azakhali, alongo awo a malemu bambo, poti alibe zochita.

Amayi ndi azakhaliwo anasiya kulankhulana patsiku la ukwati wa Wangozi, pankhani ya mpando wa kutsogolo. Banja lonse linkadziwa. Wangozi nayenso ankadziwa, koma sanaone kuti zikukhudzana bwanji ndi moto.

"Bondo lija layamba kumva bwino," anatero amayi.

"Limatero. Kenako limayambiranso."

"Masonso ayera."

"Musandilimbitse mtima, Amayi. Mwabisa zaka zonsezi, zakwana."

"Ndikuti ndibwezere m'gulu langa lija."

"Sizitheka. Gulu limenelo ndi la anthu otha kudziyendera."

"Iwe, ndinakubereka ndine."

"N'chifukwa chake ndikuyamba ndi inu."

Anawerama, nakumbatira matiresi, nadzuka nawo mwamphamvu. Matiresiwo anali akalekale, a masipuling'i, ogulidwa iye asanabadwe. Msana wake unangoti gwa. Anagwada, kenako anagona chafufumimba, ndipo matiresi anabwera pamwamba pake mwaulemu ngati akumufunditsa.

"Amayi," anatero ali pansi, "musadandaule. Khalani pomwepo. Ndikupuma pang'ono, kenako ndikunyamulani."

Anamva dzanja likufufuza m'khosi mwake. Chingwe cha wezulo chinavuka. Wezulo inalira pafupi ndi khutu lake, kulira kwake kuposa mmene iye anaimbirapo. Kenako anamva masilipasi akutsika masitepe, phaphapha, osaima pokhotera, osagwira chitsulo cha m'mbali. Chitseko. Geti. Mawu a mkazi wake akunena kuti zajambulika, ndipo agogo atuluka mofulumira kuposa aliyense.

Pansi pa matiresi, Wangozi anamva zinthu ziwiri nthawi imodzi. Chaka sabwereza. Ndipo mwendo wamanja sukumumvera.

Masilipasi aja anakweranso, liwiro lake lomwelo. Amayi anakankha matiresi ndi dzanja limodzi, osapuma wefuwefu, n'kumuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Dzuka."

"Sindingathe."

"Ukundiona?"

"Magalasi agwa."

"Ndati ukundiona?"

"Mwati chiyani? Wezulo ija yanditseka khutu."

"Mtima?"

"Ukugunda kwambiri."

Amayi anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zonse zofunika. Anamudzutsa, anakoleka mkono wake paphewa pawo, natsika naye sitepe imodzi imodzi, akumuuza poponda. Potuluka pakhomo foni inali ikujambulabe. Aneba awiri anali ataima pampanda, ndipo telala uja anali atafika pafupi. Nsapatozo zinalidi zomukulira.

Atafika pageti anamukhazika pansi bwinobwino, namupukuta fumbi pachipumi ndi nsonga ya mpango. Wangozi anafuna kunena mawu aja analonjeza, akuti amayi ndiwo oyamba, koma amayi anamutseka pakamwa ndi chala. Anatembenukira kwa mpongozi wawo, wezulo ikulendewera pachifuwa.

"Mwana wanga, tulutsa njinga m'kachipinda kaja," anatero modekha. "Munthu wotere sagona m'mwamba."