Timapepala Tapamphasa Tomwe Tinapulumutsa Takondwa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amayi anzanga amene mukulera ana aang'ono, landirani moni kuchokera kuno kwa Kalembo. Ine ndine mayi wake wa Takondwa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndiye mundikhululukire pomwe cholembera chaterereka. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda a mwana wanga amene anatizunguza mutu dzinja lonse, ndi mmene Mulungu anatiyankhira kudzera mwa mayi amene sindinkawadziwa, achipembedzo china, atanyamula kope ndi sizasi.

Takondwa anali ndi chaka ndi miyezi itatu pamene zinayamba. Thonje lathu linali litafika m'mawondo. Tsiku lina masana anangoyamba kusanza, dovu chuu mkamwa, thukuta thupi lonse ngati wanyowa ndi mvula. Ndinathamanga naye kuchipatala chaching'ono chakwathu. Anamuyeza malungo, sanawapeze. Anatipatsa thanzi ndi timapiritsi, ndipo patapita masiku awiri mwana anayambanso kuseka ndi kukoka michira ya mbuzi. Ndinati zatha. Koma zinabweranso, zinapita, zinabweranso, ndipo ulendo uliwonse zinkabwera mwamphamvu kuposa kale. Ndinafika pomaopa ngakhale kuseka kwake, chifukwa ndinkadziwa kuti kuseri kwa kusekako kukubwera tsiku lina.

Anthu sanasowe chonena. Ena ankati ndi mano, ena ankati ndi madzi a pachitsime, ena ankanong'ona dzina la gogo wina wa kumtunda kwathu amene anamunyamula mwanayo pa tsiku la msika. Zonsezi ndinkazisunga m'mutu, kuphatikiza pa zimene ndinkaziona ndi maso anga, mpaka sindinkadziwanso kuti chimene ndinaona n'chiti, chimene ndinamva n'chiti.

Apa ndiye panali vuto langa lenileni, ndipo sindichita manyazi kulinena. Ndikalowa kwa adokotala n'kundifunsa kuti, "Zinayamba liti, mayi?" ine ndinkayambira pakati. Ndinkanena za dzulo, n'kudumphira mwezi watha, n'kulowetsapo za mano, n'kubwerera ku dzulo, kenako misozi. Kunja mzere wa odwala utafika pamtengo wa mango. Adokotala ankalemba zimene atolapo, koma ine ndinkatuluka ndikudziwa kuti nkhani ya mwana wanga ndaitaya panjira.

Ulendo wachisanu unali woopsa. Mwana ankabanika, m'chifuwa mukulira, timinofu ta kumaso tikunjenjemera tokha. Anatitumiza kuchipatala chachikulu, kutsidya kwa Shire, m'boma la Machinga. Ndinapita ndi mayi anga, bambo a Takondwa anatsala kuyang'anira pakhomo. Anamuika diripi, koma tsiku loyamba linadutsa, lachiwiri linacha, mwana osasintha. Adokotala a kumeneko anali munthu woleza. Anandimvetsera ndikusakaniza nkhani monga mwa nthawi zonse, kenako anati, "Mayi, pali chinachake chimene sitikuchigwira. Khalani pansi muganize bwino, ndidutsanso madzulo ano."

Ndinasiya mwana ndi agogo ake, n'kupita kuseri kwa nyumba yomwe amaphikira odikirira odwala. Ndinagwada pamchenga wotentha. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinangoti, "Atate, zonse zimene zingathandize mwanayu zili m'mutu mwangamu, koma zabalalika ngati anapiye aona mphamba. Ndisonkhanitsireni. Musalole kuti afe chifukwa mayi wake sadziwa kufotokoza."

Nditadzuka ndinaona mayi wina atakhala pamphasa pansi pa mtengo, atavala mpango wophimba mutu ndi khosi. Patsogolo pawo panali timapepala todulidwa ting'onoting'ono, atatipsinja ndi timiyala kuopa mphepo. Ankatola kena, kuwerenga, n'kukasamutsira mulu wina. Kunena zoona, ndinaganiza kuti akuombeza. Ndinafuna kulambalala, koma anandiitana.

"Amwali, bwerani kuno. Mwandiyang'ana ngati ndine sing'anga. Maula akewa ndi a sukulu, ndipo akundikanika ine ndemwe."

Anandiuza kuti dzina lawo ndi Abiti Jafali, mphunzitsi wa pulaimale ku Ngokwe, ndipo ankadikirira amayi awo odwala shuga. Ankachitanso maphunziro owonjezera, ndiye anawapatsa ntchito yolemba kafukufuku wa chifukwa chimene ana a asodzi a ku Chiuta amajombera kusukulu. Anati zonse zimene anthu anawauza anazilemba chimodzichimodzi pa timapepalato, ndipo tsopano ankafuna kupeza choyamba, chotsatira ndi chomaliza. Ataona maso anga ofiira anandifunsa vuto. Ndinayamba kufotokoza, ndipo pasanathe mphindi ziwiri anakweza dzanja.

"Iyayi, imani kaye. Mwandipatsa thumba lonse nthawi imodzi. Kwanu mumalima thonje?"

Ndinati eya.

"Mukathyola, mumangopita nalo kumsika mmene lililimo?"

Ndinati iyayi, timakhala pamphasa n'kusankha, loyera uku, lothimbirira uku, zinyalala kutaya.

"Basitu, ntchitoyi mumaidziwa kale. Olemba mabuku a maphunziro amachita zomwezo, kungoti iwo amavala mandala."

Anasonkhanitsa timapepala tawo m'jumbo, anang'amba masamba m'kope, n'kudula tina tatsopano. Anandipatsa cholembera n'kunena kuti kapepala kamodzi, chinthu chimodzi, ngakhale chioneke chopanda pake. Ndinayamba kulemba. Kusanza. Dovu. Thukuta. Mano akumera. Gogo anamunyamula kumsika. Maliro a ku Utale. Mbereko kununkha. Madzi a pachitsime. Tinadzaza theka la mphasa.

Kusankha koyamba kunali kwa milu iwiri: zimene ndinaona ndekha, ndi zimene ndinangouzidwa. Mulu wa zouzidwa unali waukulu kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo gogo uja anagwera momwemo. Abiti anaupsinja ndi mwala waukulu n'kunena kuti umenewo ukhale kaye pambali, adokotala sangaupime ndi makina.

Kenako anati tiyale zotsalazo motsata nthawi, monga mmene amalembera mbiri. Ine masiku sindinkawakumbukira, koma anandifunsa kabuku ka kuchipatala ka mwana. Mmenemo munali masiku onse asanu amene tinapita. Tinawayala pamzere kuyambira kumanzere, ndipo pansi pa tsiku lililonse tinaika zimene zinaoneka. Kwa nthawi yoyamba ndinaiona nkhani ya mwana wanga ili ndi mutu ndi miyendo. Ndinaonanso chinthu chimene sindinachizindikirepo: maulendo anayi ankafanana ngati mapasa, dovu ndi thukuta popanda kutentha thupi. Ulendo umodzi wokha, wachitatu, thupi linatentha ndipo malungo anawapeza.

Abiti anati nthawi yokha siikwanira, tsopano tifunse kuti chinkachitika n'chiyani tsiku lisanafike lodwalalo. Anandifunsa za chakudya, za alendo, za ulendo, za ntchito ya pakhomo. Ndinayankha mpaka ndinatopa. Pa funso la ntchito ndi pomwe ndinakumbukira kuti pa ulendo woyamba ndinali ndi msana wopweteka, chifukwa dzulo lake ndinatunga madzi ambiri a mpope wopoperera thonje. Mpopewo ndi wa kalabu yathu ya alimi, umayenda khomo ndi khomo, ndipo kwathu umafika pakapita milungu ingapo. Ndinaimbira bambo a Takondwa pa foni ya Abiti. Iwo anakumbukira bwino masiku amene anapopera. Tinawalemba pa timapepala n'kuwaika pamwamba pa mzere uja. Anayi anakhala moyang'anizana ndi masiku anayi ofanana aja.

Koma panali kapepala kamodzi kotsutsa. Tsiku lina anapopera, mwana osadwala. Ndinafuna kukachotsa kuti nkhani ikhale yosalala, koma Abiti anandigwira dzanja.

"Kameneko musakataye. Wolemba amene amabisa chomutsutsa ndi wakuba. Kafunseni kuti kakunena chiyani."

Ndinawerenga masiku, ndipo ndinapeza kuti sabata imeneyo ndinali ku maliro a azakhali ku Utale, mwana ndili naye. Komabe sizinandikhutiritse. Tsiku lopopera ine sindipita naye mwana kumunda, ndipo botolo la mankhwala limakhala pamwamba pa denga la khola. Nanga ankakumana nawo bwanji? Ndinayamba kuliranso, dzuwa likupendeka, nthawi ya adokotala ikuyandikira.

Abiti anayang'ana timapepala timene tinasowa malo. Anatola kamodzi n'kuwerenga mokweza: "Mbereko kununkha. Kununkha chiyani? Mkodzo?"

Abale anga, pamenepo ndi pomwe Mulungu anatsegula maso anga. Mpope wa kalabu uja umadontha pa chivindikiro. Bambo a Takondwa, poopa kuyabwa kumsana, ankatenga chitenje changa chakale chochindikala, n'kuchipinda, n'kuchiika pakati pa msana ndi mpope. Akabwerako ankachiyanika pachingwe. Chikauma chinkaoneka choyera bwinobwino, ndipo ine ndinkachitenga n'kuberekera mwana, poti ndicho cholimba pa ntchito. Kafungo ndinkakamva, koma ndinkati ndi fungo la kumunda. Ndinkachichapa Loweruka, pamodzi ndi zovala zina. Ndipo Takondwa, ndi mano ake omera aja, ankakonda kuyamwa m'mphepete mwake. Ku Utale ndinamuberekera chitenje cha kumpingo.

Kenako ndinakumbukira china. Chitenje chomwecho ndi chimene ndinabwera nacho, chosachapa. Nthawi imeneyo chinali m'wodi, titachipinda kukhala katsamiro ka mwana.

Sindikumbukira mmene ndinathamangira. Ndinachisolola pansi pa mutu wake, mayi anga akundifunsa ngati ndapenga, n'kuchimanga m'jumbo. Ndinafuna kuthamangiranso kwa adokotala pompo, koma Abiti, amene ananditsatira akupuma wefuwefu, anati adokotala sanafike, ndipo ndikapita ndi pakamwa pokha ndikayambiranso pakati. Tinakhala pakhonde n'kulemba tsamba limodzi. Anandiuza kuti munthu wotanganidwa umamupatsa chachikulu pamwamba penipeni, osati kumuzungulitsa ngati nthano. Ndiye mzere woyamba ndinalemba kuti mwanayu wadwala kanayi mofanana, ndipo kanayi konseko n'kuti ataberekedwa pa nsalu yonyowapo mankhwala a thonje. Pansi pake ndinaika kamutu kakuti masiku, kenako kakuti zimene ndinaona. Kamutu kena kanali ka zosagwirizana, pomwe ndinalemba za malungo aja ndi za ku Utale. Zimene ndinkaganiza ine zinapita kumapeto kwenikweni, pazokha. Abiti anati, "Ine si dokotala, inunso si dokotala. Ife tayala, iwo akaweruze."

Adokotala atafika ndinangowapatsa tsambalo ndi jumbo. Anawerenga ataimirira, ananunkhiza jumboyo, n'kuunika m'maso mwa mwana ndi katochi. Anaitana anesi mwachangu, analamula kuti mwana asambitsidwe ndi sopo ndi kusinthidwa zovala zonse, n'kumubaya jakisoni wina. Anaimbitsanso bambo ake kuti awerenge dzina lomwe lili pa botolo. Kenako anandifunsa kuti, "Walemba izi ndani?" Nditati ndine, anati, "Mwatithandiza kwambiri, mayi." Ine amene ndinkatuluka m'zipinda zimenezo ndi manyazi.

M'mawa mwake dovu linali litaleka. Tsiku lachitatu Takondwa anakoka mpango wa Abiti n'kufuna kuudya. Iwo anaseka n'kunena kuti, "Alhamdulillah, Mulungu atamandike, koma mwanayu nsalu sadzazisiya." Ndinawauza kuti ndi mngelo amene ndinamupempha. Anati mngelo wanji wolephera kumaliza kafukufuku wake, ndipo anandipempha kuti ndiziwapempherera aphunzitsi awo asawabwezere kafukufukuyo. Ndinawathokoza m'chilankhulo chawo, sikomo kwejinji, ndipo tinasiyana pomwepo. Sindinawaonenso.

Bambo a Takondwa atamva zonse anakhala tsiku lathunthu osadya. Ndinawauza kuti tonse sitinkadziwa. Chitenjecho tinachikwirira kutali ndi chitsime, mpope anaukonza, ndipo alangizi a zaulimi anabwera kudzalankhula ndi kalabu yonse. Zinapezeka kuti si ife tokha amene tinkachita zimenezo. Ndinapitanso kwa gogo uja ndi nkhuku yopepesera, ngakhale iwo sankadziwa chimene ndinkawaganizira mumtima.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananyoze pemphero la munthu wosokonezeka. Inu amene muli pa mayesero, musaleke kupemphera, ndipo musanyoze amene wakhala pafupi nanu chifukwa cha mpango wake. Ngati mutu wadzaza, pezani pepala, dulani, yalani pamphasa, ndipo kamene kakukutsutsani musakataye. Timapepala tanga tija ndinatisunga m'chitini. Takondwa tsopano amathamanga, ndipo pamene ndikulemba pano akulimbana ndi chivindikiro cha chitinicho kuti atibalalitsenso. Ambuye akusungeni nonse ndi ana anu. Ameni.