Timaginito Takale ta Alamu

— Halo?

— Halo, bambo aang'ono! Mukundimva?

— Ndikukumvani, alamu. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya inu?

— Bwinobwino. Nanga khanda?

— Likuyamwa ngati lili pa ganyu. Akulu anunso ali bwino, akuti mwatitaya.

— Ayi, ndi ntchito. Mu labu mopanda inu ndi mavuto.

— Ntchito? Chiyambireni tchuthi changa chauchembere munkaimba pafupipafupi. Sabata ino zii. Kwagwanji?

— Palibe. Mayunitsi angakuthereni, alamu...

— Mayunitsi ndi anga. Riyakishoni yanga ija mwaibwereza?

— Iti?

— Musandiyese mwana. Yolumikiza mamolekyu a mankhwala a malungo popanda paladiyamu, chitsulo chodula chija. Imene abwana akukaonetsa kumsonkhano, dzina langa lili pamwamba.

— Ndabwereza. Ikukana.

— Ikukana kwa inu! Kwa ine sinakanepo. Mwasintha chiyani? Soloventi yosungunulira mankhwala? Katenthedwe?

— Zonse ndatsata mmene munandiuzira.

— Kapena mukufuna ioneke yakufa, mawa idzauke ndi dzina lanu? Ntchitoyo ndinakupezerani ndine, musaiwale.

— Aa, alamu! Ine ndinangosintha timaginito totakasira m'mabotolo tija. Tanu tinali tokalikakalika, takuda bii. Ndinaika tatsopano.

— Anakutumani ndani?

— Dikirani kaye. Itakana, ndinayesa ndi kanu kakale. Inatheka pompo.

— Mwaonatu!

— Ayi, mvetsani. Timaginito timeneto munkatakasira mariyakishoni a paladiyamu chaka chatha. Chitsulocho chinatsalira m'ming'alu. Ukwati tinkautama kuti ulibe nkhoswe uja, nkhoswe inali phee pansi pa botolo.

— Ine ndinkatsuka ndi asidi.

— Sichinachoke chonse.

— Hmm. Timaginito takaleto tili kuti pano? Mutikulunge mundibweretsere, ndidzaone ndekha.

— Mudzationa ndi chiyani kunyumba? Makina opimira ali kuno.

— Mukutanthauza chiyani?

— Ndangofunsa. Komanso timaginitoto tili ndi abwana. Atitumiza kokapimidwa.

— Mwathamangira kwa abwana musanandiimbire? Ine, mkazi wa mkulu wanu?

— Anandipezerera ndikuyesa. Ndikananama bwanji?

— Ndiye akuti chiyani?

— Zakumsonkhano aimitsa. Anandifunsanso ngati... ngati inuyo munkadziwa. Poti munkakaniza aliyense kukhudza timaginito tanu.

— Ndinkakaniza chifukwa anthu m'menemo ali ndi manja aatali! Munthu akapezeka kuti ananama dala, ntchito imathera pomwepo, mukudziwa. Inu munayankha chiyani?

— Ndinati... Halo? Alamu? Netiweki ikudukaduka...

— Netiweki ili bwinobwino. Ndikumva ndi firiji yomwe ya mu labumo ikulira. Munayankha chiyani?

— Ndinati sindikudziwa.

— Simukudziwa? Simunathe kungonena kuti alamu anga sangachite zimenezo?

— Ndinafuna nditero. Koma inu mwangonena kumene kuti nditikulunge. Alamu, ndiuzeni ine ndekha: munkadziwa?

— Mpaka inu kundifunsa zimenezo? Mtima wandipweteka, bambo aang'ono. Basi. Lamulungu musavutike n'kubwera kuno.

— Alamu, dikirani, simunandiyankhe... Halo? Halo?