Tinasonkhana Kuti Tione Mwana Wanga pa Kanema

Tsikulo kunkawaza chiperoni, malole opita ku Mozambiki akulira pamsewu. Mwana wanga wamkazi, amene ndamulera ndekha chimwalirireni mayi ake, ankasewera fainolo ya basiketibolo ku Blantyre. Ndinaitana anzanga a kutchalitchi kuti tidzamuonere pa kanema kwathu.

Titayatsa, tinapeza akutsatsa sopo. Wailesiyo inali itagulitsidwa, ndipo eni ake atsopano anasamutsira masewerowo ku kanema wolipira.

"Achimwene, kodi mwana uja wasanduka sopo?" anaseka ena akutuluka.

Zinandiwawa. Lamulungu lotsatira, omwewo anandibweretsera foni yoonetsa mwanayo akugoletsa. Anati tigule dikoda ya tonse kuti atsikana akuno azimuona. Iwowo, ngakhalenso eni wailesiyo, ndinawakhululukira.